Kuzizira kwafika, ana atatu m'nyumba, mamina osatha

Nyengo yozizira ikalowa m'nyumba momwe muli ana ang'onoang'ono, zoyamba kusowa ndi sokosi. Zimasowa imodziimodzi, mwana umamupeza phazi lina wavala yofiira lina yamizeremizere, iwe nkungoti bola zala zafunda. Kenako tulo ta mayi timasowa. Kenako taimutebulo ya maphunziro ija unailemba mwaluso ndi makrayoni nkuimata pakhoma imangosanduka chokongoletsa basi, palibe akuiyang'ananso.

Ine ndili nawo atatu, wamkulu wazaka 6, wapakati wazaka 3 ndi kakhanda ka miyezi 8, ndipo awiri akuluwo ndimawaphunzitsa ndekha pakhomo. Ndiye nyengo ino tsiku lonse timakhala tili pamodzi, kupumirana mpweya, kuyetsemulirana, kulimbirana bulangete limodzi lomwelo pomwe ena alipo mbwee m'kabati. Ndipo chimene ndaona nchoti makolofe mantha athu timawaika polakwika. Timaopa mphepo yakunja, pomwe zoopsa zambiri za nyengo ino zili m'katimu, kuseri kwa chitseko chomwe tatseka tokha.

Apongozi anga akaimba foni moni satalikitsa, amangoti "mwawaveka zipewa anawo? Musawatulutsetu, chimfine chili mumphepomu." Ine ndimayankha kuti "chabwino amayi, tamva", poti pafoni si pokanganirana ndi apongozi, koma foni ikangoduka ndimawaveka majuzi nkuwatulutsa ndithu kkkk.

Chimfine sichiuluka chokha mumphepo. Chimabwera ndi mavairasi, ndipo alipo mitundu yoposa 200, wotchuka kwambiri ndi rhinovirus. Mwana wamng'ono kudwala chimfine ka 6 mpaka ka 8 pachaka sizachilendo ayi, ena amaposa pamenepo, ndiye kachifuwa kotsalira kaja kamatha kukhala milungu iwiri olo itatu mwana atachira kale. Tawerengerani nokha, ka 8 kuchulukitsa ndi milungu iwiri, imeneyo ndi miyezi pafupifupi inayi mwana mmodzi akutsokomola. Ndiye muikepo ana atatu opatsirana, uyu akuchira uyu akuyamba, kenako chabwerera kwa woyamba uja chitavala nkhope ina. Mpake mayi kuganiza kuti mwana wanga ali ndi vuto lalikulu m'thupi, pomwe ndi mmene zimakhalira basi, thupi lake likuphunzira adani mmodzimmodzi.

Koma apongozi sakulakwa kotheratu, tisawanamizire. Rhinovirus imaswana bwino pamalo ozizirirapo, cha m'ma 33 digiri mmene mumakhalira m'mphuno, kusiyana ndi pa 37 m'kati mwenimweni mwa thupi, ndipo ofufuza a ku yunivesite ya Yale ku America mu 2015 anaonetsa pa maselo a mbewa kuti kukazizira chitetezo cha m'mphunomo chimachita ulesi. Ndiye inde, mphuno yozizira imampatsa mpata kachilombo. Kungoti kachilomboko kayenera kuchokera kwa munthu, ndipo munthuyo timakumana naye kuti? M'chipinda chotseka mawindo onse, anthu asanu, mpweya umodzi womwewo kuyambira madzulo mpaka m'mawa.

Nchifukwa chake kwathu mawindo amatsegulidwa m'mawa uliwonse, kaya kunja kuli nkhungu kaya kuli chiyani. Mphindi 10 zokha, nthawi yomwe ana ali pa chakudya cham'mawa atavala kale zofunda. Adadi awo amadandaula tsiku lililonse kuti ndikutaya kutentha komwe tavutikira usiku wonse, ndipo zoona kamatayika pang'ono, koma taonani madzi amene amakhala pagalasi la windo m'mawa. Amenewo ndi mpweya wathu womwe, kuphatikiza zovala za mwana zomwe tayanika m'nyumba poti kunja sizikuuma. Chinyezi chimenecho chikakhalitsa mupeza chuku chakuda kuseri kwa kabati ndi m'makona, ndipo kwa mwana wa mphumu chimenecho ndiye choipa kuposa mphepo yam'mawa. A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati m'nyumba musazizire kutsika pa 18 digiri, sikuti ndikunena kuti ana azinjenjemera ayi, nyumba ifunde koma izipumanso.

Nkhani ya moto ndiye ndimaumirira kwambiri, pamenepa sindiseka. Chilichonse choyaka, makala, nkhuni, gasi, parafini, chikayaka m'chipinda chotseka chimatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, ndipo makala oti asiya kufuka utsi akungoyaka ofiira bwinobwino amautulutsabe. Umalowa m'magazi nkulanda malo a okisijeni. Munthu amayamba mutu, chizungulire, nseru, kufooka, zomwe nyengo ino aliyense angoti aaa ndi chimfine ichi tiyeni tigone, ndipo kugona kumeneko ena sadzukanso. Mukaona kuti nonse m'nyumba mutu ukuwawa nthawi imodzi, ndipo mukatuluka panja mukupezako bwino, musaganizenso kawiri, tulutsani ana, tsegulani zonse, pitani kuchipatala. Moto wa makala sugona m'chipinda ndi anthu, olo kuzizire bwanji. Hita yamagetsi nayo osayanikapo matewera kapena kuisiya pafupi ndi katani.

Komanso ana amapsa kwambiri nyengo ino, poti paliponse pali chotentha, kapu ya tiyi pamphepete pa tebulo, ketulo, madzi osamba. Madzi osamba ndimayamba kuthira ozizira kenako otentha, kuti wazaka 3 uja akathamangira beseni ndisanamalize asakumane ndi owira. Mwana akapsa, madzi ozizira oyenda pabalapo mphindi 20, basi. Osati ayisi, osati mankhwala otsukira mano, osati mafuta, osati dzira. Mphindi 20 mwana akukuwa ndi zambiri zedi, koma ndi zimene zimaletsa kuti kutentha kusapitirire kudya mnofu m'kati. Thupi lonselo mumfunditse, mukuziziritsa bala osati mwana.

Kakhanda nako timakonda kukaunjikira. Chipewa, juzi ziwiri, mabulangete atatu, mpaka kamwana kakuchita thukuta m'khosi. Khanda ligone chagada, nkhope poyera, chipewa chivulidwe likamagona m'nyumba, chifukwa kutenthedwa kwambiri ndi zofunda zofika kumaso ndi zina mwa zomwe zimaonjezera ngozi ya imfa ya mwadzidzidzi ya makanda kutulo. Manja ndi mapazi a khanda amakhala ozizira nthawi zambiri, musayesere pamenepo. Gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, pakakhala pofunda bwino ndiye kuti zili bwino, pakakhala ponyowa chotsaniko chimodzi.

Tsono za sukulu yathu ya pakhomoyi. Nthawi yotentha timayamba m'mamawa, koma pano dzuwa limachedwa, ana amachedwa, inenso ndimachedwa, ndipo kumukoka mwana m'bulangete kuti akagwire pensulo ndi zala zouma ndi chisanu nkungofuna ndewu. Ndiye timatsata dzuwa. Pomwe lalowera pawindo ndi pomwe pali kalasi, likasuntha ifenso timasuntha ndi mabuku athu, masana tili pakhonde. Wamkuluyo anazindikira yekha kuti kachigawo ka dzuwa kamafika patali m'chipinda kusiyana ndi miyezi yapitayo, anandifunsa kuti "amami, dzuwa latsika?" Ndinamuuza kuti eya, nyengo ino limayenda chapansi, nchifukwa chake mithunzi yatalika ndipo kunja kukuda msanga. Kuyambira pamenepo timayeza mthunzi wake masana ndi mapazi anga nkulemba m'kope. Pa taimutebulo panalibe zimenezo, koma ndi phunziro lomwe amalikumbutsa yekha ndikaiwala.

Phunziro lokhala pansi silipitirira mphindi 15. Mphunzitsi wina wa ku England, Charlotte Mason, yemwe anamwalira mu 1923, ankalimbikira zoti ana aang'ono maphunziro awo azikhala afupiafupi koma mwana ali tcheru, kenako nthawi yambiri akhale panja. Zina zomwe ankanena ndi za nthawi yake, za anthu oti anali ndi antchito m'nyumba, koma apa pokha ndimamuvomereza. Mwana wazaka 6 mphuno itatseka, akupumira kukamwa, mphindi 15 akakupatsa ndi mtima wonse uthokoze. Ukakakamira ola lathunthu, mphindi zotsalazo mukhala mukukangana za mmene wakhalira pampando ndi chifukwa chomwe akutafunira pensulo.

Ndiye timawerenga pang'ono, timalemba mizere iwiri itatu, masamu pang'ono, kwatha. Zotsalazo zimalowa mu ntchito za tsikulo. Sokosi zosowa anzake zija wazaka 3 ndiye mwini wake, amazisanja ziwiriziwiri potengera mtundu, ndipo akapeza zofanana amakuwa nyumba yonse imve. Wamkulu amawerenga mabatani pomanga juzi, amagawa masupuni, amawerenga manambala pa themomita yapakhoma m'mawa ndi masana nkuchotsera kuti kwatentherako ndi zingati. Galasi la windo likachita nthunzi limakhala bolodi laulere, zilembo amalemba ndi chala, ndipo b ndi d zomwe zimamusokoneza m'kope, pagalasi amazilemba mosaopa poti akalakwitsa amangopumirapo nkuyambiranso. Anandifunsanso chifukwa chomwe m'kamwa mumatuluka utsi m'mawa pomwe sanameze moto. Tinatenga kapu ya madzi otentha ndi mbale yozizira pamwamba, timadontho tinaoneka, nkhani inathera pomwepo.

Chovuta chenicheni pa sukulu ya pakhomo si masamu, ndi wazaka 3. Iyeyu safuna phunziro koma safunanso kuti mkulu wake aphunzire popanda iye. Amakwera patebulo, amalanda labala, amafuna kutoileti nthawi yomweyo pomwe mkulu wake wayamba kugwira mawu, ndipo nyengo ino kupita kutoileti ndi ntchito, kuvula buluku, kabudula wam'kati, kenako juzi yanyowa mkono posamba m'manja, kusintha, pobwerera wophunzira uja wathawa kale ali pansi pa bedi. Ndinampatsa kope lakelake ndi pensulo yaikulu, ndimamutchula kuti wa kalasi yaikulu, amakhwatchakhwatcha mphindi zisanu mwaulemu wake. Pena zimatheka pena ayi.

Madzulo kukada msanga ndi nthawi yomwe ndimaikonda, tonse pabedi limodzi bulangete mpaka m'chiuno, ine kuwerenga mokweza. Buku lomwelo kabwerezabwereza mpaka wapakatiyo amandikonza ndikadumpha tsamba. Masiku oti china chilichonse chalephereka, ichi chokha sindichisiya, chifukwa mwana womva nkhani tsiku ndi tsiku amatola mawu ambiri osadziwa nkomwe kuti akuphunzira, ndipo wodwala amene sangagwire pensulo khutu lake limagwirabe ntchito.

Mantha ena olakwika ndi oti mwana atsalira. Umatsegula Facebook kapena Instagram nkuona mayi wina ana ake atakhala mwadongosolo, tebulo loyera, mashelefu a zidole zamatabwa, mwana wazaka 4 akuwerenga kale, iwe uli ndi tishu m'thumba lililonse ndipo sabata yonse mwangophunzira chilembo chimodzi. Chithunzicho anajambula mphindi imodzi yomwe zinthu zinali bwino, zotsalazo sanatiwonetse. Ku Finland ana amayamba sukulu yeniyeni ali ndi zaka 7 ndipo amawerenga bwinobwino. Kuona maso a nkhono nkudekha, milungu iwiri ya chimfine siingamulande mwana kuwerenga.

Pa katuni ndisaname kuti kwathu kulibe. Malangizo a WHO a 2019 amati khanda losakwana chaka lisamaonere sikirini, ndipo wazaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepa nkwabwino. Tsiku loti onse ali bwino timakwanitsa. Tsiku loti awiri akudwala ndipo kakhanda sikakufuna kutsika kumsana, TV imalera ana ndipo sindipepesa kwa aliyense. Koma m'malangizo omwewo muli nambala ina yomwe anthu saitchula kawirikawiri, yoti mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 4 azitakataka mphindi 180 patsiku, maola atatu athunthu. Imeneyo ndiye imandiluma kwambiri nyengo ino. Mwana wosathamanga masana sagona usiku, ndipo ambiri amene timati avuta, achita mwano, angokhala ndi mphamvu zosowa kopita. Ndiye dzuwa likangofunda timatuluka, olo ali ndi timamina, bola thupi silikutentha ndipo akudya. Zovala zingapo zopyapyala zimaposa chijuzi chimodzi chachikulu, akatenthedwa umangovulako chimodzi. Dzuwa lomwelo ndi limene khungu limapangira vitamini D wa mafupa. Kukagwa mvula kapena mphepo ikakula, mipando imasanduka phanga, mapilo amasanduka miyala yowolokera mtsinje, ndipo ndimangotseka makutu.

Pobwera kunja, sopo. Masekondi 20, kuphatikiza pakati pa zala, ndipo madzi ndimawafunditsako pang'ono chifukwa ndi madzi ozizira mwana amangonyowetsa nsonga za zala nkuthawa. Kenako mafuta odzola, poti khungu nyengo ino limatuwa mbuu, milomo kusweka, pansi pa mphuno kufiira chifukwa chopukutapukuta.

Tsopano chinthu chimodzi chomwe ndingakonde mayi aliyense ndi bambo aliyense atachidziwa pamtima, kuposa nyimbo ya alifabeti, ndi kuwerenga kapumidwe ka mwana. Chimfine chimatha chokha, koma chibayo chimapha, a WHO amati mu 2019 chinapha ana osakwana zaka 5 oposa 740,000 padziko lonse. Ndipo chimayamba mofanana ndi chimfine, kusiyana kwake kumaoneka pachifuwa. Dikirani mwana akhale phee, asakulira, kwezani malaya, ikani taima pafoni mphindi imodzi yathunthu, muwerenge kangati chifuwa chakwera. Khanda losakwana miyezi 2, kupuma ka 60 kapena kuposa nkothamanga. Wa miyezi 2 mpaka 11, ka 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, ka 40. Yang'ananinso m'munsi mwa nthiti, ngati pakulowa m'kati mwana akamakoka mpweya, chimenecho nchizindikiro choopsa. Akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akafooka moti sakudzuka bwino, milomo ikasintha mtundu, musadikire kuti kuche. Khanda losakwana miyezi 3 thupi likatentha kufika 38 digiri, limenelo ndi la kuchipatala tsiku lomwelo olo likuoneka bwino. Kwa makanda kulinso vairasi ya RSV, kwa ife akuluakulu ndi kachimfine chabe koma kwa iwo imatseka tinjira ta mpweya m'mapapo, nchifukwa chake alendo otsokomola kakhanda kanga amakaonera patali, akwiye akwiye. Ndipo khadi la katemera lionedwe, katemera wa chibayo, wa chikuku ndi wa chifuwa chokoka mtima amatseka njira zambiri zomwe chibayo chimalowera.

Wamkulu uja ndi amene amandigwirira taima ndikamawerenga kapumidwe ka mng'ono wake, amati iye ndi nesi. Anaphunzira kuwerenga mpaka 60 mwanjira imeneyo.

Mankhwala ndiye timawakonda makolofe, mwana akangoti khosu tathamangira botolo. Maantibayotiki sapha vairasi, ndipo mamina kusanduka achikasu kapena obiriwira sikutanthauza kuti kwalowa bakiteriya, zimachitika pa chimfine wamba. Otsala a mwana wina kapena a ulendo watha, osampatsa. Adokotala akalemba, pamenepo inde, mmene alemberamo. Paracetamol ndi wa mwana amene thupi latentha ndipo akusautsika, mulingo potengera kulemera kapena msinkhu wake, patadutsa maola 4 mpaka 6, osapitirira kanayi pa maola 24, ndipo muwerenge mabotolo enawo chifukwa mankhwala ena a chimfine muli paracetamol kale, mungampatse kawiri osadziwa. Ine ndimalemba nthawi papepala nkumata pa botolo, chifukwa 2 koloko usiku ine ndi adadi awo palibe amakumbuka kuti anampatsa ndani. Aspirin ayi kwa ana osakwana zaka 16. Masirapu a chifuwa ogula popanda adokotala, ku America amalembapo kuti osapatsa mwana wosakwana zaka 4, ku Britain malire ndi zaka 6, poti phindu lake kwa ana aang'ono silioneka koma zoipa zake zilipo. Kasupuni ka uchi kamafewetsa chifuwa usiku kwa mwana woposa chaka, koma khanda losakwana chaka uchi osayerekeza, ungalipatse matenda oopsa a botulism. Kwa kakhanda, timadontho ta madzi amchere ta m'mphuno kasanayamwe, ndi kuyamwitsa pafupipafupi. Enawo zakumwa zofunda zambiri, poti kukazizira ana samva ludzu.

Amene sawerengedwa m'nkhani zonsezi ndi mayi. Chimfine chikamaliza kuzungulira ana chimathera pa ine, ndipo mphunzitsi wa sukulu ino alibe tchuthi cha odwala, nesi ndi yemweyo, wophika ndi yemweyo. Tinagwirizana ndi adadi awo kuti usiku tizigawana, iwo mpaka pakati pa usiku ine kuchokera pamenepo, kupatula kuyamwitsa komwe sangandithandize olo atafuna. Ndipo kusungulumwa kuliko, osabisa. Kunja kukuda msanga, anzako sakubwera poti ana awonso akudwala, tsiku lonse walankhula ndi anthu osapitirira zaka 6. Ndimaimbira mchemwali wanga madzulo ndikutsuka mbale, timadandaulirana za mamina mphindi zingapo, zimathandiza. Koma ngati kulemera kwa mumtima kwatenga milungu, tulo osabwera olo ana atagona, chilichonse osakoma, makamaka kwa mayi wa khanda, zimenezo nzokauza achipatala, si ulesi ndipo si kuzizira chabe.

Funso lomwe limatsala ndi loti wodwala abwerere liti ku maphunziro, poti wamkuluyu wazindikira kuti chifuwa chimamupulumutsa ku kulemba. Ndikangotulutsa kope amayamba kutsokomola mwaluso, dzanja pachifuwa, maso mwachisoni. Muyeso wanga ndi wosavuta, ngati thupi silinatenthe tsiku lathunthu popanda mankhwala, wadya, ndipo wapeza mphamvu zolimbirana chidole ndi mng'ono wake mpaka kukuwa, ndiye kuti wachira. Dzulo nditamuuza zimenezi anandiyang'ana nkunena kuti "koma amami, dzanja lolembera ndi limene likudwalabe." Ndinamuuza alembe ndi linalo, anayesadi, ndipo zinamusangalatsa moti lero wakana kubwerera ku dzanja lamanja.